Mmene Thupi la Ng'ombe Liphera Maselo Ake Odwala Kuti Lipulumuke ku Cigodola

Mlimi aliyense wa kuno kum'mawa amene anawetapo ng'ombe alidziwa dzina la cigodola. Thole limene linali kudumphadumpha m'khola limayamba kutupa mwanabele kunsi kwa khutu, thupi limatentha, limaleka kudya, kenaka limapuma movutika, ndipo pofika sabata yacitatu kapena yacinayi lagona pansi thovu lili kutuluka m'mphuno. Komabe m'khola lomwelo mukhoza kukhala ng'ombe ina imene nkhupakupa zomwezo zinailuma, koma iyo ili kudya msipu bwinobwino. Kusiyana kwa ziwirizi kuli m'magazi. Ng'ombe yopulumukayo ili ndi gulu la maselo amene anaphunzira kale kuzindikira selo logwidwa ndi kacilombo ka cigodola ndi kulipha msanga. Thole lija linali nawonso maselo a mtundu womwewo, koma anali asanaphunzire, ndipo nthawi yoti aphunzire inawathera. Mlimi akamvetsa mmene maselo amenewa agwirira nchito, adzamvetsanso cifukwa cake katemera wa cigodola aperekedwa mwa njira yosiyana ndi akatemera ena, ndiponso cifukwa cake kucedwa masiku owerengeka cabe kumataitsa ng'ombe.

Mdani wobisala m'kati mwa nyumba

Thupi la nyama iliyonse linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tamoyo tochedwa maselo, tosaoneka ndi maso. Ena mwa maselo amenewa ndi maselo oyera a magazi, amene ambiri tinazolowera kuwachula kuti asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ali m'magulu osiyanasiyana. Ena amameza tizilombo. Ena amapanga mapuloteni ochedwa antibody, amene amayandama m'magazi ndi kumamatira pa kacilombo kalikonse kamene apangidwira. Koma ma antibody ali ndi malire ake: amagwira mdani amene ali pabwalo, osati amene walowa m'kati mwa selo ndi kutseka citseko.

Kacilombo ka cigodola ndi ka mtundu wobisalawo. Dzina lake ndi Theileria parva, ndipo kanachedwa motero pokumbukira Arnold Theiler, dokotala wa ziweto amene anagwira nchito ku South Africa. M'Zambia matendawa analembedwa koyamba m'caka ca 1922 kudera la Nakonde. Kacilomboka kamafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kumamatira m'makutu a ng'ombe. Nkhupakupayo ikayamwa magazi kwa masiku angapo, tizilombo timakhwima m'malovu ake ndi kulowa pakhungu la ng'ombe. Tikangolowa sitikhalitsa pabwalo. M'kanthawi kocepa timalowa m'maselo oyera a magazi, makamaka a gulu lochedwa T, ndiko kuti m'kati mwa asilikali eni akewo.

Cimene kacilomboka kamacita m'menemo ncodabwitsa. Sikapha selo limene kalowamo, koma kamalikakamiza kugawikana kosalekeza, ndipo nthawi iliyonse selolo likagawika pawiri, kacilombo nako kamagawika, selo lililonse latsopano nkutenga gawo lake. Motero kamaculuka popanda kuturukira kunja kumene ma antibody angakapeze. Kugawikana kosalamulirika kumeneku kufanana ndi kwa maselo a khansa. Matenda akakula mphamvu, ciwerengero ca maselo ogwidwa cimaculuka pafupifupi kakhumi pa masiku atatu alionse. Ici ndico cifukwa mwanabele wapafupi ndi khutu amatupa poyamba, kenaka anabele ena onse, mpaka maselo odwalawo afika m'mapapo, mmene mitsempha ya magazi imayamba kudontha madzi ndipo ng'ombe imabanika.

Mdani wotere sangacotsedwe popanda kugwetsa nyumba imene wabisalamo. Mlimi wa cinangwa aidziwa nzeru imeneyi: akaona mtengo umene masamba ake akwinyika ndi matenda, amauzula wonse kuti munda upulumuke. Thupi nalo lili ndi ozula ake. Awa ndi maselo a T okhala ndi cizindikiro cochedwa CD8. Ambiri a ife tinamva za CD4 ku cipatala pa nkhani ya HIV. Maselo a CD4 ndi othandiza ndi olimbikitsa anzawo, pamene a CD8 ndiwo akupha.

Dzanja la cimanga pakamwa pa thumba

Funso loyamba ndi lakuti: kodi selo lakupha lingadziwe bwanji zimene zili m'kati mwa selo lina, popeza silingathe kusuzumiramo? Pogula cimanga, wogula sakhutula thumba lonse. Amatapa dzanja limodzi, nayang'ana ngati muli anankafumbwe kapena cinyezi, ndipo dzanja limenelo limamuuza za thumba lonse. M'thupi zili cimodzimodzi, kungoti thumbalo limadzitapa lokha. Pafupifupi selo lililonse limaduladula ena mwa mapuloteni amene ali m'kati mwake kukhala tizidutswa tating'ono kwambiri, ndipo limaika tizidutswato kunja pakhungu lake, pa timbale tochedwa MHC. Limacita zimenezi usana ndi usiku, kaya lili bwino kaya lidwala. Ngati m'kati muli zinthu za thupi zokhazokha, pambale padzaoneka za thupi zokhazokha. Ngati m'kati mwalowa vairasi kapena kacilombo ka cigodola, tizidutswa ta mlendoyo tidzaonekanso pambale. Selo limene layamba kusanduka khansa nalonso likhoza kuonetsa tizidutswa tacilendo.

Selo la CD8 limayenda m'thupi likukhudza timbale timeneti limodzi ndi limodzi. Lili ndi kogwirira kake kamene kayenerana ndi kacidutswa ka mtundu umodzi wokha, monga mmene kiyi iyenerana ndi loko wake. Ndipo liyenera kuona ziwiri pamodzi: kacidutswa kacilendo ndi mbale ya thupi lake lomwe. Anatulukira zimenezi ndi Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty mumzinda wa Canberra ku Australia m'caka ca 1974, pofufuza mbewa zogwidwa ndi vairasi, ndipo mu 1996 analandira mphoto ya Nobel. Doherty anayamba nchito yake monga dokotala wa ziweto.

Timbale ta MHC timasiyana pakati pa ng'ombe ndi ng'ombe, cifukwa ndi ta cibadwa cocokera kwa bambo ndi mayi. Conco ng'ombe ziwiri zogwidwa ndi kacilombo kamodzimodzi zikhoza kuonetsa tizidutswa tosiyana, ndipo asilikali a ina adzaphunzira cizindikiro cosiyana ndi cimene asilikali a inzake aphunzira.

Kumene asilikali aphunzira

Msilikali wokhala ndi mphamvu ya kupha maselo a thupi ndi woopsa ngati sadziwa kusiyanitsa. Pa cifukwa ici maselo a T, atabadwa m'mafuta a m'mafupa, amapita ku kaciwalo kochedwa thymus. Mwa thole kaciwaloka kamakhala kakakulu, kotuwa, m'munsi mwa khosi kufikira kulowa m'cifuwa, ndipo kamafota nyama ikamakula. Kumeneko selo lililonse limayesedwa. Limene silitha kuzindikira timbale ta thupi limafa. Limene limalusira tizidutswa ta thupi lenilenilo nalonso limafa. Ocepa okha ndiwo amatuluka, ndipo aliyense ali ndi kiyi yakeyake.

Popeza makiyi ndi osawerengeka, maselo amene kiyi yawo iyenerana ndi kacilombo ka cigodola amakhala ocepa zedi mwa thole limene silinakumanepo ndi matendawa. Kuti akhale gulu la nkhondo ayenera kudzutsidwa. Zimenezi zimacitika mwa mwanabele. Selo la CD8 likaonetsedwa kacidutswa koyenerana nalo, ndipo maselo a CD4 akalilimbikitsa, limayamba kugawikana mobwerezabwereza, mwakuti selo limodzi limabala zikwi zambiri za maselo ofanana nalo. Pa nthawi yomweyo maselowo amadzaza timatumba tawo ndi zida zophera. Nchito yonseyi imatenga sabata imodzi kapena kupitirira. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti moyo wa thole umadalira pa iyo.

Kaphedwe kake

Selo lakupha likapeza selo loonetsa kacidutswa kamene lili kufuna, limaima ndi kulimamatira zolimba. Pamalo pamene makungu awiriwo akhudzana pamapangika mkombero wotsekeka, ngati mmene mwana wa ng'ombe atsekera milomo pa bele kuti mkaka usatayike. Kenaka selo lakuphalo limasonkhanitsa timatumba take ta zida, kutikokera kumbali imene kuli mdani, ndi kutikhuthulira m'kampata kotsekeka kaja. Motero maselo abwino oyandikana nawo sakhudzidwa.

M'timatumbamo muli zida ziwiri zazikulu. Coyamba ndi puloteni yochedwa perforin, dzina lotanthauza coboolera. Tizigawo take timabaya pakhungu la selo lodwala, nitilumikizana mozungulira kupanga tizibowo. Caciwiri ndi mapuloteni ochedwa granzyme, amene ali ngati timipeni. Iwo paokha sangathe kulowa kufikira pakati pa selo, koma amadzera pa tizibowo timene perforin yaboola. Cida cimodzi popanda cinzake sicikwanitsa nchitoyi bwino.

Ma granzyme akalowa sasakaza cisawawa. Selo lililonse la m'thupi linalengedwa ndi njira yodzithetsera lokha, imene imakhala yomangidwa kufikira itafunika. Ma granzyme amadula zomangirazo. Pamenepo selo limayamba kudziphwasula mwadongosolo: limafota, limaduladula DNA yake, ndipo limagawika kukhala timaphukusi tokulungidwa bwino, timene maselo omeza amabwera kudzatola. Imfa ya mtundu umenewu inapatsidwa dzina lakuti apoptosis m'caka ca 1972 ndi akatswiri atatu, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Mawuwa ndi a Cigiriki, ndipo amanena za kuyoyoka kwa masamba pamtengo. Ubwino wa imfa yotere ndi wakuti za m'kati mwa selo sizimwazika. Selo likanangophulika, likanawaza tizilombo ndi zonyansa pa anzake, monga mmene mlimi wosasamala amwazira matenda pokoka mbewu yodwala m'munda monse m'malo moikwirira.

Pali njira yaciwiri yofikira pa mapeto omwewo. Maselo ambiri ali ndi kabatani pakhungu lawo kochedwa Fas. Selo lakupha lili ndi cala coyenerana ndi kabataniko, ndipo likakadina, uthenga umalowa m'kati wouza selo kuti lidzithetse. Njira imeneyi imathandizanso kucepetsa asilikali eni ake nkhondo ikatha.

Selo lakupha silifa pamodzi ndi limene lapha. Pa mphindi zowerengeka limakhala litamaliza kupereka zida zake, limamasuka, ndi kupita kukafuna lina. Selo limodzi likhoza kupha angapo motsatizana. Nkhondo ikatha, ambiri mwa asilikaliwo amafa, koma ena amatsala kwa zaka monga maselo okumbukira. Kacilombo komweko kakadzabweranso, iwo amakhala ambiri kale ndiponso ophunzira kale, conco amadzuka msanga.

Selo lobisa mbale yake

Mavairasi ena ndi maselo ena a khansa amacenjera: amacotsa timbale ta MHC pakhungu kuti asilikali a CD8 asaone kanthu. Thupi lili nalo yankho. Pali gulu lina la maselo akupha, lochedwa NK, limene linafotokozedwa koyamba m'caka ca 1975. Maselo amenewa safunika kuphunzira kacidutswa kena kalikonse. Mbale ya thupi ikakhalapo, imawauza kuti aleke. Ikasowa, makamaka pa selo loonetsa zizindikiro za kupsinjika, amaliukira ndi zida zomwe zija za perforin ndi granzyme. Wogula amakana thumba la cimanga coola, ndipo amakananso thumba limene mwini wake akukana kulimasula. Conco selo lodwala likaonetsa za m'kati mwake ligwidwa ndi a CD8, ndipo likabisa ligwidwa ndi a NK.

Liwiro la masiku

Tsopano tibwerere ku khola. Umboni wakuti maselo a CD8 ndiwo amateteza ng'ombe ku cigodola unapezeka ku Nairobi m'dziko la Kenya, ndipo unalengezedwa mu 1994. Akatswiri anagwiritsa nchito mathole amapasa ofanana ndendende, amene timbale tawo ta MHC ndi timodzimodzi. Anatenga maselo a CD8 kwa thole lokhala kale ndi citetezo, nawaika mwa mbale wake wopanda citetezo amene anali atapatsidwa tizilombo tokwanira kumupha, ndipo matendawo anagonja.

Nanga cifukwa ninji thole losatemera limafa, popeza maselo a CD8 lili nawo? Cifukwa cake ndi liwiro. Mbali ina maselo ogwidwa akuculuka kakhumi pa masiku atatu alionse. Mbali inayo asilikali ocepa akuyamba kumene kuphunzira ndi kuculukana. Ngati nkhupakupa zalowetsa tizilombo tambiri, pomwe asilikali akhala okonzeka maselo odwala amakhala atafalikira kale thupi lonse, ndipo anabele, amene ndiwo malo ophunzirira, amakhala atasokonezeka. Mwa ng'ombe yokhala ndi maselo okumbukira, asilikali amafika maselo odwala akali ocepa, ndipo amawatha mwini khola asanaone cizindikiro ciliconse.

Katemera wogulira thupi nthawi

Katemera wa cigodola anakonzedwa ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970, ndipo nzeru yake yagona pa liwiro lomweli. Mlangizi wa ziweto amabaya thole jekeseni ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba, imene imabayidwa pansi pa khungu pafupi ndi khutu, ili ndi tizilombo tamoyo ta cigodola toyezedwa bwino. Yaciwiri ndi mankhwala a oxytetracycline okhalitsa m'thupi. Mankhwalawa sapha tizilombo tonse, ndipo sayenera kutero. Amangoticedwetsa, kuti maselo ogwidwa akhalepo okwanira kuphunzitsa asilikali, koma asaculuke kufikira powaposa. Tizilombo tiyenera kukhala tamoyo cifukwa asilikali a CD8 amaphunzira bwino pa tizidutswa toonetsedwa ndi selo limene kacilombo kalowamo. Thole lotemeredwa bwino limakhala ndi citetezo kwa zaka zambiri, ndipo kulumidwa ndi nkhupakupa pambuyo pake kumakumbutsanso asilikali ake.

Popeza kiyi iliyonse iyenerana ndi loko wake, mtundu wa kacilombo kamene kali m'katemera ndi nkhani yaikulu. Theileria parva ili ndi mitundu yambiri yosiyana tizidutswa. Asilikali ophunzira mtundu umodzi akhoza kulephera kuzindikira wina. Ici ndico cifukwa kuno kum'mawa kwakhala kukugwiritsidwa nchito mtundu wochedwa Katete, pamene kucigawo ca kum'mwera, kumene matendawa amachedwa denkete, agwiritsa nchito wochedwa Chitongo. Mitundu yocokera kwa njati ndi yosiyanasiyana koposa, ndipo ng'ombe yotemeredwa ikhoza kudwalabe ikadya msipu kumene njati zimapita.

Zimene mlimi ayenera kucita

Coyamba, temeretsani mathole akali aang'ono, asanakumane ndi nkhupakupa zambiri za m'dzinja. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu adzakuuzani msinkhu woyenera ndi tsiku limene katemera adzafika. Thole likhale lathanzi ndi lodya bwino, pakuti kupanga zikwi za maselo atsopano kumafuna cakudya. Thole lodwala kale kapena lotentha thupi lisatemeredwe tsikulo, ndipo muuzeni mlangizi za mankhwala ena alionse amene mwalipatsa posacedwapa.

Caciwiri, fikani pamalo otemerera pa nthawi yake. Katemerayu amasungidwa m'madzi a naitrojeni ozizira kufika madigiri 196 kunsi kwa ziro. Akasungunulidwa, tizilombo timakhala ndi moyo maola owerengeka cabe. Tikafa, jekeseniyo siphunzitsanso msilikali aliyense, ndipo mlimi amabwerera kwawo ali ndi thole limene aganiza kuti latetezedwa pamene silinatetezedwe. Pa cifukwa comweco musalandire katemera wa cigodola kwa munthu woyenda naye m'thumba, kapena wocokera kudera lina popanda cilolezo ca a ziweto.

Cacitatu, yang'anirani mathole kwa mwezi wathunthu atatemeredwa, makamaka m'sabata yaciwiri ndi yacitatu. Kutupa pang'ono kwa mwanabele kumbali imene anabaya ndi cizindikiro cakuti maphunziro ali m'kati. Koma thole likaleka kudya, kapena kutentha kwa thupi kukapitirira madigiri 39.5 kwa masiku angapo, itanani mlangizi msanga.

Cacinayi, musaleke kusambitsa ng'ombe m'dibi kapena kuzipopera mankhwala. Katemerayu ndi wa cigodola cokha. Nkhupakupa zimabweretsanso matenda a mkodzo wofiira, a ndulu ndi a madzi m'mtima, amene asilikali ophunzira cigodola sawadziwa. Ndiponso ng'ombe yotemeredwa kapena yocira imasungabe tizilombo tocepa m'magazi, timene nkhupakupa zingatenge ndi kupatsira ng'ombe zosatemera. Conco kusamutsa ng'ombe kupita kudera lina kuyenera kutsata malamulo a boma, ndipo ng'ombe yogulidwa kwina iyenera kuyang'aniridwa bwino, cifukwa asilikali ake anaphunzira tizilombo ta kwawo.

Cacisanu, ng'ombe yosatemera ikatupa mwanabele ndi kutentha thupi, musadikire kuti muone ngati idzakhala bwino mawa. Mankhwala a buparvaquone amapha kacilombo m'kati mwa maselo, koma amathandiza kwambiri akaperekedwa m'masiku oyamba. Mapapo akadzala madzi, ngakhale tizilombo titafa, ng'ombe ikhoza kubanikabe. Kuzolowera kugwira kunsi kwa khutu ndi patsogolo pa phewa la ng'ombe iliyonse potulutsa m'khola m'mawa sikutenga nthawi, ndipo cipangizo coyezera kutentha kwa thupi ncochipa poyerekeza ndi mtengo wa thole limodzi.

Mlengi anaika m'thupi la ng'ombe maselo okhoza kupeza mdani wobisika ndi kumucotsa popanda kuononga maselo abwino. Kuphako amakucita okha, ndipo palibe mlimi angawathandize kuboola selo. Cimene mwini khola angawapatse ndico nthawi yophunzira matenda asanakule: katemera wamoyo pa msinkhu woyenera, nkhupakupa zocepa pakhutu, cakudya cokwanira, ndi maso oona kutupa pa tsiku loyamba. Thole limene lapulumuka caka cino ndilo ng'ombe imene idzakoka pulawo ndi ngolo, kapena kupatsa ana mkaka, zaka zitatu zikubwerazi. Amene muli ndi mathole obadwa caka cino, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto ndi kulembetsa mvula isanagwe.